Amene Ankatsuka Boti la Agogo Anu

Yamikani, sendera kuno, ndipo lichero la mtedzalo ubwere nalo, pakuti kumvetsera sikuletsa manja kuswa. Ndamva kuti kusukulu wauza anzako kuti agogo ako aamuna anali kaputeni wa sitima ya pamadzi. Zikomo kwambiri, banja lathu latchuka. Sitima ya pamadzi kuno ku Mchinji, kumene ng'ombe zimawoloka mitsinje yambiri osanyowa mchira. Iwe Chisomo usaseke, chifukwa nkhaniyi iwe uli pakati pake, ngakhale tsikulo unali usanakhale ndi dzina.

Agogo anu aamuna, a Mbewe, kwawo ndi ku Ntchisi. Kumeneko ukakwera phiri tsiku lopanda nkhungu, nyanja imaoneka patali ngati kachidutswa ka lata kotayika m'munda. Ndiko kudziwa nyanja konse kumene anabwera nako. Tinakwatirana kuno kwathu kwa Mavwere, koma munda wa amayi anga unali wogawana ndi abale anga anayi, ndiye tinakwera lole ya matenanti kupita ku esiteti ina ya fodya cha kwa Mkanda. Katundu wathu yense anali mphasa, makasu awiri, sefuliya ndi mayi wanu Esinati kumbuyo. Inu lero mukapita kwa azakhali anu masiku awiri mumanyamula chikwama choti n'kubisalamo mbuzi.

Pa esitetiyo panali damu lalikulu lothirira nazale. Tsidya lino kunali nyumba za matenanti, tsidya linalo ofesi, mabalani ndi nyumba ya bwana. Kuti uzungulire unkayenda mtunda wautali ndi kuwoloka kamlatho ka mitengo pamene mtsinje unkalowera m'damumo. Mwini esiteti anali munthu wa m'tauni, wobwera mwa apo ndi apo. Tsiku lina anabwera ndi boti pamwamba pa lole. Linali lakale, lotuwa, lopindikapindika m'mbali, la chitsulo chopepuka chija amapangira masefuliya. Anasonkhanitsa amuna onse ndi kufunsa ngati pali wina wodziwa za maboti.

Amuna anzeru anayang'ana pansi. Agogo anu anaimika dzanja.

Madzulo ake ndinawafunsa kuti, “Bambo a Esinati, botilo munalidziwira kuti?”

Iwo anati, “Nabanda, chinthu choyandama chokha chingavute chiyani? Kusiyana ndi kupsa ndi dzuwa m'mizere ya fodya?”

Bwana anawapatsa chipewa choyera. Chipewacho ndiye ukaputeni wonse umene mukuumvawu. Bwana akabwera kudzawedza, injini ankayendetsa yekha, agogo anu ali kutsogolo akuloza ndi chala kumene botilo linali likupita kale. Bwana akachoka, kaputeni ankalikankha ndi nsungwi kapena kupalasa pang'ono ndi nkhafi m'mbali mwa bango, pamene madzi ankalekeza m'mawondo. Zaka zonsezo, akakhala okha m'botimo, pakati pa damu ankangopaona ndi maso ngati mmene ankaonera nyanja kwawo.

Sipanathe miyezi itatu, botilo linayamba kununkha. Fungo lake linali la nsomba yowola yosakaniza ndi petulo, ndipo ukalikankha pang'ono unkamva madzi akuti khuvu khuvu penapake posaoneka. Bwana anati akadzabweranso n'kulipeza choncho, chipewa chibwerere ndipo mwini chipewayo aone msewu. Agogo anu anabwera kunyumba nkhope itagwa. Anati atsuka pamwamba ponse, mipando yomwe, koma fungo silikuchoka, mwina wina waliloza. Ndinamanga chitenje, n'kupita kukaona ufitiwo.

Pansi pa botilo panali matabwa atatu opondapo. Ndinazula limodzi. Ana inu, zimene ndinaona pamenepo musazifanizire ndi chimbudzi cha kusukulu kwanu, chimbudzicho n'chaukhondo. Matope akuda ofika m'chigongono, mitu ya nsomba, mbedza zadzimbiri, zitsekerero za mabotolo a bwana, nyongolotsi zimene zinathawa m'chitini n'kukafera kumeneko, ndi chule mmodzi wonenepa amene anandiyang'ana ngati ndamulowera m'nyumba osaodira. Kaputeni anaima patali atatseka mphuno, n'kunena kuti, “Ndimaganiza ndithu kuti vuto lili pamenepo.”

Kuyambira tsiku limenelo, m'mimba mwa boti munakhala mwanga. Palibe anandiphunzitsa, ndinangoona kuti chinthuchi n'chimodzimodzi ndi sefuliya, kungoti chakula. Loweruka lililonse tinkalikokera kumtunda, n'kuika chipika kutsogolo kuti likweze mutu. Kumbuyo kwake kunali bowo lotsekedwa ndi mphira, ukazula madzi onse ankatsikira kumeneko. Koma madziwo sakanatsika okha. Pansi pa boti pali nthiti zachitsulo zopingasa, ndipo nthiti iliyonse ili ndi timabowo toti madzi azidutsa. Timabowo timeneto tikatsekeka ndi matope, chipinda chilichonse chimasunga dziwe lakelake. Ndinkatitokosa ndi kamtengo kamodzikamodzi, nditagwada, mutu uli pansi. Madzi a oyilo wa injini sindinkawathira m'damu, chifukwa ndi momwe tinkatunga akumwa. Ndinkayamba ndathira utuchi kuti umwe oyiloyo, n'kuwola, n'kukakwirira kutali. Kenako sopo, chisaka ndi madzi ambiri, n'kulisiya padzuwa matabwa ali pambali mpaka liume kuti gwa.

Tsiku lina pansi pa matope ndinapeza kandalama kofiira ka wani tambala, kaja simunakaonepo inu obadwa ndalama zitasanduka mapepala okhaokha. Nditakatola, pamalo pake panatsala chibowo chozungulira ngati kadindidwa, chatsala pang'ono kutulukira kunja. Ndipo ndinadziwa kuti chitsulo chimenechi sichigwirizana ndi zitsulo zinzake. Mbedza, msomali, kawaya, chilichonse chikagona pamenepo m'madzi chimadya boti mwakachetechete. Ndinasiyanso kukwecha ndi sitiliwulu, pakuti timinga take tinkatsalira n'kuyamba ntchito yomweyo.

Kupeza podontha kunali kosavuta. Boti lili kumtunda unkathiramo madzi, n'kugona pansi kuyang'ana pamene pakutuluka dontho, n'kulembapo ndi khala. Nthawi zambiri anali mariveti, timisomali tija tolumikiza zitsulo, atagwedera. Apa ndiye agogo anu ankagwira ntchito yawo yaikulu. Ankagwirizira mutu wa nkhwangwa kunja, ine n'kumenya ndi hamala mkati. Munthu akamadutsa, ankakweza mawu kuti, “Menya bwino pamenepo, Nabanda, monga ndinakuphunzitsira.”

Bwana anasangalala. Ankauza alendo ake kuti ali ndi munthu wa kunyanja weniweni, boti lake ungadyeremo. Khirisimasi ina anapatsa agogo anu jekete. Ine ndinapatsidwa moni.

Musaganize kuti ndinkadandaula kwambiri. Chipewa chija chinatisunga malo amodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, pamene anzathu ankasamuka chaka ndi chaka ngati mbalame za mpunga. Esinati anakulira pomwepo, anaphunzira pang'ono, n'kukwatiwa ndi bambo wanu, amene nthawi imeneyo anali wowotcha fodya m'mabalani, wowonda ngati ndodo, osati mimba mukuionayi. Kudya kunali kovuta ndithu. Mvula ikafika pakati tinkadalira nkhwani wopanda nsinjiro, bowa ndi mango owiritsa aawisi. Takondwa, iwe amene umasankha nyemba m'mbale kuti zina zapsa kwambiri, ukanakhala ndi moyo masiku awiri.

Kenako injini inafa, bwana anayamba kubwera kamodzi pachaka, ndipo kunabwera kapitawo watsopano, a Bisiweki. Munthu ameneyu anali ndi wotchi yaikulu yosayenda ndiponso nzeru zambiri zosafunsa. Anaona boti likungokhala, n'kunena kuti lizinyamula feteleza kuwolotsa damu, ngolo zipume. Agogo anu anawabweza kumizere, chipewa chokha anawasiyira chifukwa chinali chitada.

Ndinapita kukawaona. Ndinagwada bwinobwino monga mwa ulemu, n'kunena kuti, “Akapitawo, matumbawo amadontha. Feteleza akalowa pansi pa matabwa n'kunyowa, adya boti. Mundilole ndizilitsuka Loweruka.”

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. “Mayi, inu sukulu ya maboti munaphunzira kuti?”

“Kumene anaphunzira amuna anga,” ndinatero.

Sanamve kuti ndikutanthauza chiyani, ndipo anandiuza kuti ndizikasamala miphika. Fungo litayambanso, anagula soda uja wopangira sopo kwa anthu ochokera ku Zambia, n'kuthira chitini chonse pansi pa matabwa. Mayi aliyense amadziwa zimene soda ameneyo amachita ndi sefuliya. Akuti munatuluka thovu ndi utsi, akapitawo n'kumauza anyamata kuti taonani mankhwala akugwira ntchito. Anagwiradi. Pasanathe chaka botilo linayamba kumwa madzi, matumba awiri ananyowa, ndipo analitaya m'bango tsidya lathu. Ndinkadutsa pomwepo popita kotunga madzi. Ndinkayang'ana kumbali.

Tsopano tafika pa iwe, Chisomo. Mvula inagwa masiku anayi osapuma, m'mwezi wa Febuluwale. Bambo wako anali tsidya lina ku mabalani, ndipo kamlatho ka mitengo kanapita ndi madzi iye ali komweko. Mayi wako anayamba kumva kupweteka tsiku lachitatu. Pofika m'mawa wa tsiku lachinayi, azamba a pa esiteti, mayi wachikulire wosachita mantha ndi kanthu, anatuluka m'nyumba n'kundikokera kuseri.

“Nabanda, mwanayu wagona mopingasa. Ine pano manja anga atha. Akafika masana ali konkuno, titaya onse awiri.”

Thirakitala yopita kuchipatala inali tsidya linalo. Tinkaiona, yofiira, itaima pafupi ndi ofesi. Mtsinje unali utadzaza mpaka m'minda, woti ngakhale ng'ombe sikanayesa. Panatsala chinthu chimodzi, chimene chinali m'bango chitadzaza madzi amvula mpaka m'mipando.

Sindikumbuka kuti ndinaitana aliyense, koma amayi a m'nyumba zonse anabwera ndi ndowa. Tinakapa madziwo, amuna n'kulikokera kumtunda. Ndinazula matabwa. Pansi ponse panali zoyera ngati wina wawazapo ufa, ndipo nditakwecha ndi chisaka, kuwala kunayamba kuonekera m'timabowo, apa, apo, ngati sefa. Mphira wotsekera kumbuyo unali utasowa. A Bisiweki, amene mvulayo inawatsekereza tsidya lathu kwa mkazi wina amene sanali akazi awo, anafika ndi ambulera n'kunena kuti botilo ndi katundu wa esiteti, silingayende popanda chilolezo.

Azamba anawayankha kuti, “Lembani kalatayo, akapitawo, mukatha mubwere mudzamubereketse nokha.”

Anachoka panjira, koma ambulera sanabwereke munthu.

Tinathiramo ndowa ziwiri kuti tione podontha. Panadontha paliponse, moti khala silinafunike. Ndinatuma wina kukatenga phula limene tinkamatira ndowa, wina anasonkha moto pansi pa chigafa, wina anang'amba chitenje chake. Mabowo aakulu tinamata ndi nsanza zoviika m'phula, aang'ono ndinawapaka sopo wa mtanda, kukanikiza ndi chala mpaka chikhadabo chinathyoka. Timabowo ta m'nthiti ndinatitokosa tonse kuti madzi olowa azithamangira kumbuyo, kumene ndikakhale ine ndi chigubu chodula. Pa bowo la kumbuyo ndinakulunga chitsononkho ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kukhomera ndi mwala. Nthawi yonseyi ndinkamva mwana wanga akubuula m'nyumba, ndipo sindinapite kukamuona, chifukwa ndikanapita sindikanabwerera.

Atamunyamula pamphasa n'kumugoneka m'boti, azamba n'kukhala pambali pake, anthu onse anatembenuka kuyang'ana kaputeni. Anali ataima kumbuyo kwa gulu, chipewa chili m'manja. Anabwera pafupi nane, n'kunong'ona.

“Nabanda, ine kusambira sindidziwa.”

“Ndikudziwa.”

“Pakati pa damu ndekha sindinafikepo.”

“Ndikudziwa, bambo a Esinati. Kodi pali wina pano amene anagwirapo nkhafi?”

Anayang'ana amuna aja. Onse anali akuyang'ana pansi monga tsiku loyamba lija. Anavala chipewa chawo, n'kukwera.

Ndikanakonda kukuuzani kuti tinadutsa ngati muvi. Tinazungulira kawiri pamalo amodzi, anthu a pagombe tikuwaona, kuwasiya, n'kuwaonanso. Dzanja lawo lamanja linali lamphamvu kuposa lamanzere. Azamba anati, “A Mbewe, kuchipatala ndi uko, kuno tachokerako.” Ndinayamba kuwawerengera ngati tikusinja awiri mumtondo umodzi, ndipo pang'onopang'ono mutu wa boti unaloza ku thirakitala.

Pakati pa damu madzi anali ofiira, othamanga, atanyamula mapesi ndi nthambi. Sopo uja anayamba kusungunuka. Ndinkamva madzi ozizira akukwera m'akakolo, ine n'kumakapa, kukapa, osaweramuka. Chigubu chimodzi kutaya, ziwiri kulowa. Kenako chipika china chinatigunda kumbuyo, chitsononkho chija n'kufwamphuka, madzi n'kulowa ngati pampopi. Ndinapondapo ndi chidendene, n'kupitiriza kukapa nditapindika choncho. Esinati anatsegula maso n'kufunsa kuti, “Amayi, tikumira?” Ndinati, “Ayi, bambo ako ndi kaputeni.” Anaseka pang'ono, mwana wanga, ali mu ululu wotero.

Ndinayang'ana agogo anu kamodzi kokha. Maso anali atatsinzina, milomo ikunjenjemera ndi pemphero, misozi ikusakanikirana ndi mvula. Zikhatho zinali zitasupuka, nkhafi zili magazi. Koma sanaleke. Munthu amene ankaopa madzi ofika m'chiuno anapalasa mpaka boti linakhudza matope a tsidya linalo, madzi ali pafupi kufika pamphasa. Bambo wanu anali atalowa kale m'madzi mpaka m'khosi kudzatikoka. Thirakitala inali italira kale.

Unabadwa dzuwa likupendeka, Chisomo, atachita kumung'amba mayi wako. Anamwino anati tikanachedwa pang'ono akanatipatsa nkhani ina. Unatuluka ukulira mokwiya, ndipo mpaka lero sunasinthe.

Patapita milungu itatu bwana anabwera. Nkhani inali itamupeza m'tauni. Anasonkhanitsa anthu pabwalo la ofesi, n'kuyamba kuyamikira. A Bisiweki anaimirira, n'kufotokoza mmene iwo ankasamalira botilo ndi mankhwala amakono, ndi mmene analamulira ntchito yonse m'mawa umenewo. Bwana anagwedeza mutu. Kenako anaitana munthu wake wa kunyanja kuti anene mawu.

Agogo anu anaimirira, manja akadali omanga nsanza. Ine ndinali kumbuyo ndi amayi anzanga, ndikudikira kumva za mafunde aatali ngati mitengo ya bulugamu.

Anati, “Bwana, ine kwathu ndi ku Ntchisi, kumapiri. Nyanja sindinaipondepo. Boti lanu zaka zonsezi amalisamala ndi akazi anga awo ali apowo. Analiwononga ndi feteleza ndi soda wa akapitawo. Analidzutsa tsiku lija ndi akazi anga. Ine ndinangopalasa, ndiponso mokhota.”

Ine ndinafuna pansi patseguke. Zaka zonse za ukwati wathu munthu ameneyu anasankha tsiku limenelo, pamaso pa anthu onse, kuti ayambe kunena zoona.

Mukuganiza kuti bwana anatani? Mukuganiza kuti anandiitana kutsogolo n'kundiveka chipewa? Ana inu mumaonera mafilimu ambiri. Bwana anakwiya kuti munthu wamba anamupusitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo iye n'kumadzitama naye kwa alendo. Anati sangasunge wabodza pa esiteti yake. Wabodza amene ankanenayo sanali wa ambulera uja, ameneyo anakhalabe mpaka anakalamba. Anatiuza kuti fodya akatha kugulitsidwa, tichoke.

Tinauyamba ulendo wobwerera kunyumba. Titafika pa kamlatho katsopano ndinati, “Bambo a Esinati, chakulumani n'chiyani?”

Anati, “Ndinamuuza Mulungu pakati pa damu paja kuti akatiwolotsa ndidzanena zoona.”

“Simukanamulonjeza nkhuku?”

Ndinawagwira dzanja lomanga nsanzalo, ndipo tinayenda choncho mpaka kunyumba, anthu akutiona, chinthu chimene sitinachitepo ndi kale lonse.

Ndiko kubwerera kwathu kuno kwa Mavwere, pamunda uno mukudyapo mtedzawu. M'mawa wa tsiku losamuka, ngolo itapakira kale, ndinawauza kuti andidikire. Ndinatsikira ku damu. Botilo anali atalibweza m'bango tsidya lathu, madzi atayambanso kudikha pansi pa matabwa. Silinali langa, ndipo ndinkadziwa kuti palibe adzalikwerenso. Komabe ndinazula matabwa, ndinakapa madzi, ndinatokosa timabowo tonse, n'kutsuka ndi kachidutswa ka sopo kamene ndikanachapira zovala za ulendo. Nditamaliza ndinafuna kulivundikira chafufumimba kuti mvula isamalowemo, koma ndekha linandikanika.

Ndinamva mapazi kumbuyo. Anali agogo anu. Anangopinda malaya, n'kulizungulira botilo kawiri, kuliyang'ana bwinobwino ngati munthu wodziwa. Kenako anagwira mbali yopepuka.